Mmene Mungakonzekerere Presentation ya Kusukulu Pogwiritsa Ntchito Mind Map

Nthawi yopereka zotsatira za kafukufuku ikayandikira, funso la ophunzira limakhala lomwelomwelo: "Ndalemba masamba ambirimbiri, koma andipatsa mphindi 10 zokha. Ndiyambire pati?" Ndimawayankha kuti atseke kaye kompyuta, atenge pepala, ajambule mind map. Vuto ndi lakuti yankho loperekedwa mothamanga limamveka theka. Munthu amakajambula chithunzi chokongola cha mizere ndi mitundu, koma tsikulo likafika amaima kutsogolo osadziwa kuti ayambe ndi mzere uti. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba zonse pamalo amodzi.

Kwa amene simunaionepo, mind map ndi chojambula chimene mutu wa nkhani umakhala pakati pa pepala, ndipo mizere imatuluka pamenepo kupita mbali zonse. Mizere yochokera pakati timaitcha nthambi zazikulu, ndipo iliyonse imanyamula mfundo imodzi. Pa nthambi zimenezi pamaphuka tinthambi tonyamula zifukwa, zitsanzo ndi umboni. Amene anatchukitsa njirayi ndi Tony Buzan wa ku Britain, makamaka kudzera m'pulogalamu yake ya pa kanema wa BBC mu 1974. Ilinso ndi mbale wake wotchedwa concept map, amene Joseph Novak anayambitsa ku Cornell University mu 1972. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa concept map mzere uliwonse wolumikiza mfundo ziwiri umalembedwa mawu ofotokoza mmene mfundozo zikugwirizanira. Kalembedwe ka pa mizere kameneka tidzakabwereka pa sitepe 5. Kuyambira pano mind map ndizingoitchula kuti mapu.

Dziwiranitu kuti mufunika mapu awiri. Oyamba ndi oganizira, achiwiri ndi olankhulira. Ambiri amene amadandaula kuti njirayi sinawathandize analekera pa oyambawo.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze kuti kafukufuku wanu anali wofuna kudziwa ngati kugwiritsa ntchito foni usiku kumasokoneza tulo ta ophunzira a ku yunivesite.

1. Lembani malire anu pakona ya pepala

Musanajambule kanthu, lembani zinthu zitatu: mphindi zimene mwapatsidwa, anthu amene adzakumvetsereni, ndi zimene iwo adzakhale akuyang'ana. Munthu wolankhula modekha m'Chingerezi amatulutsa mawu apakati pa 120 ndi 150 pa mphindi, ndiye kuti m'mphindi 10 simungapitirire mawu 1,500. Amenewa ndi masamba ochepa chabe a zimene munalemba. Funsaninso ngati nthawi ya mafunso ili m'kati mwa mphindizo kapena ndi yapadera. Ngati pali pepala lofotokoza mmene malikisi adzaperekedwere, lipezeni lero. Kulankhula kwa anzanu a m'kalasi n'kosiyana ndi kulankhula pa defence, pamene aphunzitsi amakhala atawerenga kale ntchito yanu ndipo abwera kudzaona ngati mukuimvetsa ndiponso ngati mungathe kuiikira kumbuyo.

2. Pakati pa pepala lembanipo chiganizo chathunthu

Tengani pepala lopanda mizere, muliike mopingasa. La A3 ndi labwino, ndipo ngati palibe lumikizani awiri a A4.

Ambiri pakatipo amalembapo mutu, monga "Foni ndi tulo". Mutu wotere umalandira chilichonse: mbiri ya mafoni, mitundu ya tulo, maloto, matenda a maso. Simungakane kalikonse chifukwa zonse zikukhudza foni kapena tulo. Inu lembanipo chimene mukufuna kuti omvera atuluke nacho m'chipindamo: "Ophunzira amene amagwira foni ali kale pabedi amagona mochedwa ndipo amadzuka otopa." Kuti mudziwe ngati mwalemba bwino, dzifunseni ngati munthu angathe kutsutsa chiganizocho. Ngati sichingatsutsike, ndiye kuti sichinanene kanthu.

Chikakukanikani, musaime. Lembani funso la kafukufuku wanu ndi pensulo, mupitirire, ndipo mudzabwerere mukamaliza sitepe 3. Nthawi zambiri chiganizocho chimaonekera chokha mfundo zonse zikayalidwa papepala.

3. Mapu oyamba: khuthulani zonse zimene zili m'mutu

Tsekani mabuku ndi zolemba zanu zonse. Kwa mphindi 15 kapena 20, lembani chilichonse chimene mukukumbukira, osasankha, osafufuta, osadandaula za kukongola. Mfundo ikabwera, ipatseni nthambi. Ina ikaoneka kuti ndi mwana wa inzake, ilumikizeni pamenepo. Ikasowa kwawo, ilembeni m'mphepete muizunguze kamzere.

Buzan ankalimbikitsa kuti nthambi iliyonse ikhale ndi liwu limodzi lokha. Pa ntchito ya sukulu ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Mukalemba "kuwala" lokha, mawa simudzakumbukira ngati mumatanthauza kuti kuwala kwa foni kumachedwetsa tulo, kapena kuti simunathe kuyeza kuwalako. Lembani mawu awiri, atatu kapena anayi, ndipo pakhale mneni: "kuwala kuchedwetsa tulo", "sindinayeze kuwala". Koma musapitirire mpaka kukopera ziganizo zathunthu, chifukwa mukatero mwangolembanso lipoti lanu mozungulira.

Mutu ukauma, tsegulani zolemba zija ndipo muwonjezere zimene munaiwala ndi cholembera cha mtundu wina. Mtundu wachiwiriwu ukuuzani zambiri. Pamene wachuluka ndi pamene simukudziwa bwino nkhani yanu, ndipo ndi pomwepo pamene funso lovuta lingakupezereni. Mukafuna kuwonjezera mitundu ina, nayonso izigwira ntchito: wina wa zimene ena anapeza, wina wa zimene mwapeza inu. Kupaka mitundu pofuna kukongoletsa n'kutaya nthawi.

4. Dulirani

Tsopano pepala ladzaza, ndipo nthambi iliyonse ikuoneka yofunika chifukwa munaivutikira. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Womvera sangasunge zonsezo. Mu 1956 George Miller analemba kuti munthu amatha kusunga m'mutu zinthu pafupifupi 7 pa nthawi imodzi, ndipo mu 2001 Nelson Cowan anasonyeza kuti chiwerengero chenicheni chili pafupi ndi 4. Choncho nthambi zazikulu zikhale zitatu, zinayi, zikachulukitsa zisanu.

Yendani pa nthambi iliyonse mukuyang'ana chiganizo cha pakati chija, n'kudzifunsa kuti: ndikachotsa iyi, kodi womvera akhulupirirabe chiganizochi? Ngati sangakhulupirire, ikani chizindikiro cha nyenyezi. Ngati angakhulupirirebe koma akhoza kufunsa za nthambiyo, lembanipo F, kutanthauza kuti mwaisungira nthawi ya mafunso. Zotsalazo zikhwatcheni. M'chitsanzo chathu, mbiri ya mafoni ikhwatchidwa, mmene munasankhira ophunzira ofunsidwa ilandira nyenyezi, ndipo dzina la pulogalamu imene munawerengetsera manambala lilandira F.

Mapu oyambawa musawataye.

5. Sandutsani mapu kukhala njira yoyendamo

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, chonsecho ndi pamene pagona ntchito yonse. Mapu amaonetsa zinthu zonse nthawi imodzi, ndipo diso limatha kudumphira paliponse n'kubwerera. Khutu silitero. Limalandira liwu limodzi, kenako lina, ndipo womvera akangosochera alibe pobwerera. Mapu alibe poyambira ndi pothera, pamene kulankhula kuli nazo zonse ziwiri. Ndiye muyenera kusankha nokha njira imodzi yodutsa m'nthambi zotsalazo, n'kuilemba.

Choyamba, sandutsani nthambi yaikulu iliyonse kukhala funso limene womvera ali nalo m'mutu. "Chiyambi" isanduke "Vuto lake n'chiyani?" "Zolemba za ena" isanduke "Ena anapeza chiyani, nanga analekera pati?" Kenako "Inuyo munafufuza bwanji?", "Munapeza chiyani?" ndi "Ndiye zikutanthauza chiyani?" Nthambi imene mukulephera kuipezera funso ndiye kuti palibe amene akuidikira, ndipo mwina inapulumuka molakwika pa sitepe 4.

Chachiwiri, lembani funso lililonse pa kapepala kakekake, muyale timapepalato patebulo ndi kumatisuntha. Lamulo lake ndi limodzi: musanene chinthu chimene womvera sangachimvetse asanamve china chimene chili kutsogolo. Ngati zotsatira zanu zikunena za "kugona mochedwa", womvera ayenera kukhala atamva kale kuti mochedwa mukutanthauza nthawi yanji ndipo munaiyeza bwanji. Pa defence ndi bwino kutsatira ndondomeko ya mitu ya lipoti lanu, chifukwa aphunzitsi akuyembekezera imeneyo. Koma pa semina yaifupi kapena pa msonkhano wa ochita kafukufuku, mutha kuyamba ndi chimene munapeza, kenako n'kufotokoza mmene munachipezera. Anthu amamvetsera njira yanu mwachidwi akadziwa kumene ikupita.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chovuta kwambiri, lembani milatho. Mlatho ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zokuwolotsani kuchoka pa nthambi ina kupita pa inzake. Mfundo za m'kati mwa nthambi anthu saziiwala kawirikawiri. Pamene amaima n'kumangoti "eee" ndi pamalire a nthambi ziwiri, chifukwa mapu sanawauze chifukwa chimene iyi ikutsatira iyo. Taonani kusiyana kwa milatho iwiri iyi:

"Tsopano tipite ku njira imene ndinagwiritsa ntchito."

"Amene anafufuza kale anangofunsa ophunzira kuti amagona maola angati, koma munthu sakumbukira bwino nthawi imene anagonera sabata yatha. N'chifukwa chake ine ndinawapempha kuti azilemba nthawi yogonera ndi yodzukira tsiku lililonse."

Woyambawo wangolengeza kuti slide yasintha. Wachiwiriwo watseka nthambi yapitayi, wasonyeza mpata umene unatsala, ndipo wachititsa kuti njira yanu ioneke ngati yankho la mpatawo. Apa ndi pamene tikubwereka kwa Novak: pa muvi uliwonse wolumikiza nthambi ziwiri lembanipo liwu la ubale wawo. Mawu abwino ndi "chifukwa", "choncho", "koma" ndi "ngakhale zili choncho". Mukapeza kuti liwu lokhalo limene likukwana ndi "komanso", imani. Zikutanthauza kuti nthambi ziwirizo zangogundizana popanda chozimanga, ndipo mwina ndondomeko yake ndi yolakwika kapena imodzi mwa izo ndi yosafunika. Bwererani ku timapepala tija musunthenso. Mukhoza kukhala pa sitepe imeneyi madzulo onse, ndipo nthawiyo sinapite pachabe, chifukwa mukukonza kaganizidwe ka kafukufuku yense. Si zachilendo kuti munthu azindikire pamenepa kuti mfundo yake yomaliza sikuchokera kwenikweni m'zotsatira zake. Kuli bwino kuzindikira muli nokha kusiyana n'kuuzidwa ndi supavaiza pagulu.

Milatho ndi mbali yokhayo, pamodzi ndi chiganizo chotsegulira ndi chotsekera, imene ndimalangiza kuti muilembe yonse liwu ndi liwu, m'chilankhulo chimene mudzalankhule tsikulo.

Chachinayi, samalani mfundo zimene zikupezeka pa nthambi ziwiri. Pa mapu zimenezi zimaoneka bwino, kamzere kodutsa kuchoka uku kupita uko. Polankhula zimasanduka kubwereza kapena kumangoti "ndifotokoza kutsogoloku". Sankhani malo amodzi pamene mfundoyo idzanenedwe mokwanira, ndipo pena paja muzingoikhudza ndi mawu ochepa.

Chachisanu, gawani mphindi. Ngati mwapatsidwa 10, konzekerani 9. Mwachitsanzo, vuto litenge mphindi 1, zimene ena anapeza 1 ndi theka, njira 2, zotsatira 3, ndipo tanthauzo lake 1 ndi theka. Nthambi ya zimene mwapeza inuyo ndiyo iyenera kulandira gawo lalikulu. Cholakwika chofala kwambiri ndi kuthera theka la nthawi pa mbiri ya nkhaniyo ndi zolemba za ena, kenako wosunga nthawi akakweza dzanja n'kuthamangitsa zotsatira m'mphindi imodzi. Anthu anabwera kudzamva zanu.

Mukatha zonsezi, jambulani mapu achiwiri pa pepala loyera. Nthambi yoyamba iyambire pamwamba chakumanja, zinazo zitsatire mmene muvi wa wotchi umayendera. Iliyonse ikhale ndi nambala, mphindi zake, ndi tinthambi tosapitirira titatu. Pakati pa nthambi ziwiri zilizonse jambulani muvi wokhala ndi liwu loyamba la mlatho. Sankhaninso kanthambi kamodzi kapena tiwiri timene mungatidumphe nthawi ikachepa, mutijambule ndi mzere wa timadontho.

6. Tsopano tsegulani PowerPoint kapena Google Slides

Nthambi yaikulu iliyonse ipatseni slide imodzi, ziwiri kapena zitatu, malinga ndi mphindi zake. Mutu wa slide ukhale yankho la funso la nthambiyo. M'malo molemba "Zotsatira", lembani "Ogwira foni pabedi anagona mochedwa kuposa anzawo", ndipo pansi pake pakhale girafu yosonyeza zimenezo. Manambala, matebulo ndi maina a olemba amene mukuwatchula malo awo ndi pa slide, chifukwa mapu sanyamula bwino zinthu zotere.

Musaike mapu anu onse pa pulojekita. Wokhala kumbuyo sangawerenge tinthambi, ndipo wokhala kutsogolo adzayamba kuwerenga nthambi yachinayi inu mukadali pa yoyamba. Ngati mukufuna kusonyeza mapu, onetsani chiganizo cha pakati ndi nthambi zazikulu zokha, ndipo muzibwerera ku chithunzi chimenechi mukamawoloka mlatho, nthambi imene mukulowayo itaderapo mtundu. Musakoperenso zolankhula zanu pa slide. Kafukufuku wa Richard Mayer wa ku University of California, Santa Barbara, anasonyeza kuti anthu akamaona chithunzi n'kumamva kufotokoza, kuwaonjezera mawu omwewo olembedwa kumawasokoneza m'malo mowathandiza. Ngati mukukayika zoti slide zochepa zingakwane, dziwani kuti mumpikisano wa Three Minute Thesis, umene unayambira ku University of Queensland mu 2008, ophunzira a PhD amafotokoza kafukufuku wa zaka zingapo m'mphindi 3 ndi slide imodzi yokha.

Mapulogalamu ojambulira mapu alipo, monga XMind, MindMeister, Coggle ndi Freeplane imene ndi yaulere. Ubwino wake ndi wakuti nthambi mumangoikoka n'kuiika pena, ndipo ngati mukugwira ntchito pagulu ena amalola kuti nonse mulembe pa mapu amodzi. Kuipa kwake ndi kwakuti malo satha, choncho palibe chokukakamizani kudulira. Pepala limadzaza, ndipo kudzazako kumakuthandizani. Pa presentation ya gulu, gawanani nthambi, koma milatho muilembe muli pamodzi, ndipo amene akumaliza nthambi ndiye anene mlatho wopita kwa mnzake.

7. Yeserani mapu atavundikiridwa

Kuyang'anitsitsa mapu sikuwalowetsa m'mutu. Mu 2011 Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt a ku Purdue University anafalitsa m'magazini ya Science zotsatira zosonyeza kuti ophunzira amene anawerenga nkhani kenako n'kuyesa kuikumbukira osayang'ana, anakhoza bwino patatha sabata kuposa amene anajambula concept map nkhaniyo ili patsogolo pawo. Choncho tembenuzani mapu anu, mutenge pepala lina, muwajambulenso kuchokera m'mutu. Yerekezani ndi enieni aja. Pamene mwaiwala, kawirikawiri ndi pamene mlatho wake ndi wofooka.

Kenako imirirani, tcherani nthawi pa foni, mulankhule mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kuyeserera chamumtima kumanamiza, chifukwa m'mutu zonse zimayenda mofulumira ndiponso mosalala. Lembani nthawi imene mwafikira kumapeto kwa nthambi iliyonse, kuti mudziwe imene ikudya mphindi za inzake. Mukapitirira nthawi, dulani kanthambi. Musaganize zoti mudzangolankhula mofulumira.

Pali kuyesa kwina kumene ndimakukonda kwambiri. Pezani mnzanu amene sachita maphunziro anuwo, mumupatse pepala, ajambule mapu a zimene akumva inu mukulankhula. Mukamaliza, ikani mapu ake pambali pa anu. Ngati pakati pa pepala lake pali chiganizo chofanana ndi chanu ndipo nthambi zazikulu zonse wazigwira, mwakonzeka. Ngati waphatikiza nthambi ziwiri kukhala imodzi, ndiye kuti malire ake sanamveke. Ngati kanthambi kakang'ono wakasandutsa nthambi yaikulu, munakhalitsapo.

8. Tsiku lenilenilo ndi nthawi ya mafunso

Koperani mapu achiwiri pa khadi lokwana m'dzanja, ndi zilembo zazikulu: nambala za nthambi, liwu limodzi kapena awiri pa kanthambi kalikonse, ndi mawu oyamba a milatho. Khadili ndi longoponyapo diso, osati lowerenga. Pulojekita ikakana kuyaka muli ndi poyambira, ndipo akakuuzani mwadzidzidzi kuti nthawi yafupikitsidwa, mukudziwa kale kuti tinthambi ta timadontho tija ndi timene tichoke.

Za mafunso, bwererani ku mapu oyamba aja dzulo lake. Nthambi zonse zolembedwa F, pamodzi ndi malo amene cholembera chachiwiri chinachuluka, zisamutsireni pa pepala lina. Pakati lembanipo "Angandifunse chiyani?" Onjezerani mafunso amene sasowa pa defence: chifukwa chiyani munasankha anthu amenewa ndi chiwerengero chimenechi, chifukwa chiyani njira iyi osati ina, kafukufukuyu akuperewera pati, ndipo mukanati muyambirenso mukanasintha chiyani. Pa funso lililonse lembani tinthambi tiwiri, kena ka yankho lalifupi, kena ka umboni wake ndi tsamba limene ukupezeka m'lipoti lanu. Ngati yankho likufunika tebulo kapena girafu, ikonzereni slide yapadera muiike pambuyo pa slide yomaliza, ndipo mulembe nambala yake pa khadi lija. Mu PowerPoint, presentation ili m'kati, mukalemba nambala ya slide n'kudina Enter mumafika pomwepo osadutsa m'zinazo. Funso likabwera, limvetsereni mpaka lithe, mulibwereze mwachidule kuti wofunsayo avomereze kuti mwalimva, kenako muyankhe kuchokera pa nthambi yake. Likakhala kunja kwa zimene munafufuza, nenani poyera kuti kafukufuku wanu sanafike pamenepo, ndipo mufotokoze mmene mungafufuzire mutapatsidwa mpata.